A Kwenda ndi poti ya chipatala

Papita mwezi chiwaikire m'manda a Zefaniya Kwenda, kumudzi kwawo kuseri kwa Namitete. Onse amene analankhula pamaliro anati malemuwo anali munthu wodziwa ntchito yake, ndipo palibe ananama. Koma sindinamve ndi mmodzi yemwe akunena kuti anali munthu wabwino. Mwana wawo wamkulu anabwera pa galimoto kuchokera ku Lilongwe, anaponya dothi, n'kunyamuka anthu asanasambe m'manja. Ine anandipempha kuti ndilankhule m'malo mwa anzawo akuntchito, poti ndinadya nawo nkhomaliro kwa zaka zoposa khumi. Ndinakana. Ndinati chifuwa chandigwira. Zimene ndinalephera kunena pamenepo ndaganiza zozilemba.

Ine ndine Mwale, kalaliki pa kachipatala kakang'ono ka bungwe lina, chapakati pa Namitete ndi Nsaru. Ntchito yanga ndi kulemba mayina a odwala ndi masiku awo obwerera. Chipinda cha a Kwenda chinali kuseri kwa changa ndipo khomo lakunja linali limodzi, moti polowa ndi potuluka ankadutsa pa desiki yanga. M'chipinda chawomo munali bokosi lachitsulo lotchedwa rauta, lokhala ndi timabowo tisanu ndi titatu tolowetsamo mawaya. Timabowo timeneti amati mapoti. Panja panali nsanja yachitsulo yonyamula timbale toyera, kena koloza kutauni, kena kusukulu ya sekondale, kena ku ofesi ya esiteti ya fodya, kena ku kalabu ya alimi. Tonsefe netiweki yathu inkadutsa m'bokosi limodzilo, koma sitinkayenera kuonana. Choncho m'kati mwa rauta a Kwenda anagawamo zigawo zinayi zosakumana, zimene iwo ankazitcha mipanda. Poti iliyonse inali ya mpanda umodzi. Uthenga wolowera pa poti ya sukulu unkayenda mu mpanda wa sukulu basi, osadziwa n'komwe kuti pafupi pali chipatala.

A Kwenda ntchito anayamba nthawi ya chipani chimodzi, akukwera mapolo a matelefoni a mawaya. Mafoni a m'manja atabwera anawapumitsa, ndipo iwo anakhala pansi n'kuphunzira okha za makompyuta, imvi zili mbuu. Ankanyadira zimenezi kuposa ana awo. Tsiku ndi tsiku ankavala jasi yoyera ngati ya dokotala, ngakhale palibe anawauza kutero. Waya aliyense ankamumata pulasitala ya kuchipatala mbali zonse ziwiri n'kulembapo nambala. Anali ndi buku lachikuto cholimba, ndipo m'bukumo poti iliyonse inali ndi tsamba lake. Pamwamba pa tsamba nambala ya poti, pansi pake mzere umodzi wokha wolembapo dzina la mpanda. Ankakonda kunena kuti mbuzi imadziwika mwini wake ndi chizindikiro cha pakhutu, osati ndi khola limene yagonamo, chifukwa makola awiri angathe kukanganirana mbuzi imodzi koma khutu limanyamula chizindikiro chimodzi. Ankanenanso kuti makina sachimwa, amangomvera, ndipo kuti akanakhala wansembe sakanakhululukira munthu wolakwa kawiri. Zimenezi ankazinena akuyang'ana korona amene ndimasunga mu dirowa.

Mowa sankamwa, fodya sankasuta, ndipo sanachedwepo kuntchito. Koma lilime lawo linali lakuthwa, ndipo ankalinola pamaso pa anthu. Mlonda wathu, bambo wokalamba kuposa iwo, anazulapo waya wa magetsi wa rauta m'mawa wina kuti atchaje foni yake. A Kwenda sanamukalipire pomwepo. Anadikira mpaka amayi a kusikelo atadzadza pakhonde, anamuitana, n'kumupempha foniyo mwaulemu wonse. Kenaka anaiponya mu ndowa ya madzi okolopera. Anamuuza kuti aisiye mmenemo kwa ola limodzi, idzadza bwino. Amayi ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mlonda uja anavuula foni yake, n'kuipukuta pa malaya. Ndi ahedi a kusekondale anakhala chaka chathunthu osalankhulana, chifukwa ahediwo anapempha kuti poti ya sukulu ilowe mu mpanda wa chipatala, poganiza kuti kumeneko netiweki imathamanga. A Kwenda anawayankha pa msonkhano wa makolo kuti mphunzitsi wosamva tanthauzo la mpanda ndiye amachititsa kuti atsikana azisiyira sukulu panjira.

Sindikufuna kuwanamizira kuti analibe mtima konse. Mkazi wanga atamwalira sanabwere kumaliro, koma tsiku limene ndinabwerera kuntchito ndinapeza pa desiki yanga kapepala ka mtedza wokazinga, ndipo kuyambira pamenepo nthawi ya nkhomaliro ankatulutsa mpando wawo kudzakhala nane. Sanatchulepo dzina la malemuyo. Chaka china mphezi itawomba nsanja, anakwera okha mvula ikuwaza, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, kuti zotsatira za magazi a makanda zithe kufika kuchokera kutauni. Anatsika dzanja likuchucha magazi. Namwino atawathokoza anamuuza kuti asiye zachibwana, awapatse pulasitala.

Estere anabwera a Kwenda atagwira kale ntchitoyi pathu zaka zinayi. Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi atatu, wamfupi, wolankhula mofatsa. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ija. Anachokera ku Phalombe iye ali wakhanda, ndipo analima fodya wa eni mpaka mwana wawo anapeza dipuloma ya zamakompyuta. Bungwe linamutumiza kuti azigwira ntchito limodzi ndi a Kwenda, popeza iwo ankakula. Ankawatchula kuti bambo, ndipo powapatsa chinthu ankapinda bondo. Iwo dzina lake ankalitchula pokhapokha pakakhala alendo. Masiku ena onse anali iwe, kapena mwana wa tenanti.

Mkangano wawo unayamba ndi kalata yochokera kulikulu la bungwe. Kalatayo inati malangizo a rauta asamalembedwenso ndi manja mmodzimmodzi. Zonse zilembedwe mu fayilo imodzi, ndipo pulogalamu ina izitenga fayiloyo n'kuuza rauta zochita. Inatinso ntchito yokonza fayiloyo ndi ya Estere, poti ndiye anapita kumaphunziro ake. Dzina la a Kwenda linali pansi penipeni, pa anthu ongodziwitsidwa. Anaiwerenga kawiri, n'kuikhomera pakhoma ndi msomali waukulu kuposa umene unkafunika.

Estere anasanja fayilo yake potsata mipanda. Analemba chipatala, pansi pake mndandanda wa mapoti a chipatala. Analemba sukulu, pansi pake mapoti a sukulu. Chimodzimodzi kalabu, ndipo pomaliza esiteti. Ankati namwino akaimba kuti netiweki yasowa, munthu amafuna kuona zonse za chipatala pamalo amodzi, osati kutsegula masamba asanu ndi atatu. A Kwenda ankati mpanda uzilembedwa pa poti, monga m'buku lawo, chifukwa pa poti pali malo a dzina limodzi, pamene mindandanda inayi ingathe kutchula poti imodzi kawiri popanda wodandaula. Anakokana sabata yathunthu, ine ndikumva kuseri kwa chitseko. Tsiku lina a Kwenda atabwereza za mbuzi zija, Estere anayankha mwaulemu.

"Koma bambo, mwini mbuzi akafuna kuziona zonse amapita kukhola."

"Iwe unawetapo mbuzi? Tenanti amaweta chiyani pa malo a eni?"

Estere ananyamuka. Anatuluka kukaima pansi pa nsanja kwa kanthawi, n'kubwerera kudzapitiriza kulemba.

Lachitatu lina masana, m'nyengo yozizira pamene fodya amamangidwa m'mabelo, Estere anasindikiza fayilo yake pa makina a pa desiki yanga, masamba awiri. Anawapatsa a Kwenda ndi manja awiri, n'kuwapempha kuti aionepo asanaitumize mu rauta Lachisanu. Atatero anapita kusukulu kukaona kompyuta ina imene inkavuta. A Kwenda anakhala pa benchi ya m'chipinda changa, anavala magalasi, n'kuyamba kuyendetsa chala pa mizere. Sanathe mphindi ziwiri. Anatulutsa cholembera chofiira, anazunguliza nambala folo pa mndandanda wa chipatala, anatembenuza tsamba, n'kuzungulizanso folo wina pa mndandanda wa esiteti. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinaonanso akumwetulira, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

Mmene folo analowera kawiri ndinazimva pambuyo pake. Kale poti imeneyo inali ya chigafa cha esiteti, chimene chinatsekedwa. Mphezi ija itawotcha poti ina, a Kwenda anasamutsira pa folo kompyuta yathu yosunga mayina a odwala. Estere mndandanda wa chipatala anaulemba potsata mawaya amene anawaona ndi maso, koma wa esiteti anaukopera m'kalata yakale ya kulikulu, imene inkatchulabe folo.

Ndinawafunsa ngati panali cholakwika. Anandiyankha ndi mwambi uja wa mwana wolirira nyanga ya nsatsi, woti umusemere imufotere m'manja. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la jasi. Estere atabwerako anawafunsa ngati aionapo.

"Kalata inatchula dzina lako, si langa. Ine ndione chiyani?"

Estere anayang'ana kwa ine, ngati mmene munthu amayang'anira mnzake wachikulire kuti amuthandize kumasulira. Ine ndinaweramira m'kaundula wanga. Ndinkadziuza kuti za makina sindizidziwa, kuti mwina ndi kanthu kakang'ono, kuti kulowerera pakati pa mkulu ndi wamng'ono n'kuwonjezera moto. Lachinayi lonse Estere anakhala pa mpando woyandikana ndi wanga akukonza zina. Tinagawana chinangwa chophika. Sindinamuuze.

Lachisanu m'mawa a Kwenda anati akupita ku Nsaru kukafuna tayala la njinga yawo yamoto. Cha m'ma naini koloko Estere anatumiza fayilo. Pulogalamu ija inkawerenga kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo pa chinthu cholembedwa kawiri inkamvera mawu omaliza. Esiteti inali pomaliza. Poti ya folo inatuluka mu mpanda wa chipatala n'kulowa mu wa esiteti. Pa kompyuta yanga mayina onse anasowa. Odwala anayamba kuunjikana pakhonde, anamwino akubwera mmodzimmodzi kudzafunsa. Estere anayesa mawaya, anazimitsa ndi kuyatsa, anakwera mpaka theka la nsanja. Anaimbira a Kwenda kasanu ndi kawiri. Foni yawo inali yozimitsa.

Ife tinkaganiza kuti vuto lathu ndi mzere wa odwala. Koma kompyuta iliyonse pa netiweki ili ndi nambala yake, ngati nambala ya nyumba, ndipo kompyuta yathu yosunga mayina inali ndi nambala yofanana ndendende ndi ya kompyuta ya kulikulu la esiteti, kutauni. A Kwenda ankazidziwa zimenezi kuyambira kale, ndipo ankati zilibe kanthu popeza pakati pali mpanda. Pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira kompyuta yathuyo, nayo anaichotsa okha, atatopa ndi anamwino oiwala, ponena kuti mpanda ndi wokwanira. M'mawa umenewo kalaliki wa esiteti anatsegula nambala imene ankatsegula masiku onse kuti alembe mabelo. Inamuyankha ndi kompyuta yapafupi, yathu ija. Pamaso pake panatuluka mayina a onse olandira mankhwala otalikitsa moyo pa chipatala chathu, midzi yawo, ndi tsiku lodzatenganso ena. Ambiri mwa iwo anali matenanti a pa esitetiyo. Anajambula ndi foni tsamba ndi tsamba, n'kutumizira kapitawo.

A Kwenda anafika dzuwa lili paliwombo, tayala atalikoleka paphewa. Anasamba m'manja, anavala jasi, anakhala pansi. Osayang'ana n'komwe fayilo, analemba mizere iwiri, ndipo mayina anabwerera pa kompyuta yanga. Anauza Estere, anamwino akumva, kuti akanakhala iye akanabweza dipuloma ija kwa amene anamugulitsa. Nthawi imeneyo palibe aliyense wa ife ankadziwa za kalaliki uja.

Pofika Lamulungu zithunzi zija zinali zitazungulira misasa yonse ya matenanti. Pa mndandandawo panali dzina la mayi ake a Estere. Ine ndinkalidziwa, chifukwa ndinalilemba ndekha zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Ankabwera atasenza dengu la tomato ngati akudzagulitsa, n'kulowera khomo lakumbuyo, ndipo mwana wawo atayamba ntchito pathu ankasankha masiku amene iye wapita kukalabu. Mwamuna wawo sankadziwa. Estere sankadziwa. Anazimva pa mjigo, kwa mayi wina amene anamufunsa ngati nayenso amamwa nawo kapena amangosindikiza mayina. Madzulo a tsiku lomwelo bambo ake anatulutsa katundu wa mkazi wawo n'kumuunjika panja, anthu akuonerera.

Patatha sabata kunabwera akuluakulu atatu a bungwe kudzafufuza. Tinakhala m'chipinda chodikiramo odwala, mabenchi atawasanja mozungulira. A Kwenda anavala tayi. Anafotokoza bwino kwambiri, mpaka alendo aja akugwedeza mitu. Anajambula mipanda inayi pa bolodi, anasonyeza mmene mindandanda imalolera poti imodzi kulembedwa kawiri, anatsegula buku lawo pa tsamba la folo pamene panali dzina limodzi lokha. Anati anachenjeza kwa sabata yathunthu koma mwanayo anakakamira zake. Zonsezi zinali zoona. Mmodzi wa alendowo, mayi wa magalasi, anawafunsa ngati anaiona fayiloyo isanatumizidwe. Anayankha kuti anapatsidwa pepala, inde, koma kalata ya kulikulu inanena poyera mwini ntchitoyo, ndipo iwo sanafune kulanda ntchito ya munthu wophunzira. Za cholembera chofiira sanatchule. Za pasiwedi palibe anafunsa.

Kenaka mayi uja anatembenukira kwa ine.

"A Mwale, inu mumakhala nawo pafupi. Muli nacho chonena?"

"Ayi mayi. Ine ndimangolemba mayina."

Estere anavomera zonse. Anati fayilo inali yake, anaikonza yekha, ndipo anayenera kuika lamulo loti pulogalamu izikana poti yolembedwa kawiri. Sanalire. Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo kalata yake inanena kuti anaulula zinsinsi za odwala chifukwa chosasamala. Pamene ankatenga chikwama chake m'chipinda chija, a Kwenda anali akumata pulasitala pa waya. Osadzutsa mutu anamuuza kuti:

"Ukafika ukawauze mayi ako asasiye mankhwala."

Mpaka lero sindidziwa ngati amenewa anali malangizo kapena mbama. Estere anatuluka osatseka chitseko.

Mayi ake sanabwerenso. Mwezi woyamba ndinalemba pa khadi lawo kuti sanabwere, mwezi wachiwiri chimodzimodzi, wachitatunso. Enanso angapo a pa mndandanda uja anasiya kubwera, ena anayamba kuyenda mtunda wautali kukalandirira kwina. Nyengo ya fodya itatha esiteti inauza mabanja ena kuti chaka chamawa malo kulibe, ndipo zifukwa zimene inapereka zinali za nthaka ndi mbewu. Estere anatenga mayi ake kubwerera nawo ku Phalombe, kumudzi kumene anachokako asanadziwe kuyenda. Mvula yotsatira isanathe tinamva kuti mayiwo amwalira.

Ine ndinakalapa kwa abambo mfumu. Anandipatsa chilango chopepuka ndipo anandiuza kuti ndikakonze zimene zingakonzeke. Sindinakonze. Ndinapitiriza kudya nkhomaliro ndi a Kwenda. Ndinkadziuza kuti woweruza ndi Mulungu, ndipo mawu amenewa ndi oona, koma ndinkawagwiritsa ntchito ngati bulangete. Patapita zaka zitatu, tsiku lina tili awiri, ndinawafunsa ngati ankadziwa chimene chikanachitika. Anatafuna mtedza nthawi yaitali. Anati iwo ankayesa kuti chipatala chingoduka kwa ola limodzi kapena awiri, anamwino akalipe, mtsikanayo alire pang'ono, aphunzire. Ndinafunsa za manambala ofanana aja. Anati munthu sangakumbukire zonse. Ameneyu anali munthu amene ankatha kukuuzani mtundu wa waya aliyense pa polo limene anakwera ali mnyamata. Atatha kudya anapukuta manja n'kunena kuti:

"Komabe fayilo inali yake, eti? Ine ndinalembamo chiyani?"

Sitinayambenso nkhaniyi.

Chaka chathachi anagwa m'chipinda chawo, mbali imodzi ya thupi n'kuuma. Anagona miyezi isanu ndi iwiri kumudzi, akusamalidwa ndi mchemwali wawo, popeza mkazi wawo anawasiya kalekale. Ndinkapita Loweruka lililonse. Lilime linali litalemera koma mutu unali wabwinobwino. Ankandifunsa ngati wina wakhudza mawaya, ngati batire likusunga moto, ngati ahedi atsopano ali ndi nzeru kuposa akale. Ndinawafunsa kangapo ngati ndingawaitanire wansembe kapena mbusa, kapena ngati pali munthu amene angafune kumutumizira mawu. Ankatseka maso ngati agona. Ulendo womaliza anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija, ine n'kuwerama poganiza kuti nthawi yakwana. Anandiuza kuti poti ya seveni ndi yomasuka, asaikemo kanthu kolemera.

Patatha masabata awiri chiikire maliro, pachipatala panaima galimoto ya kampani ina imene bungwe laipatsa nsanja ija kuti iziyendetsa. Munatsika Estere. Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Wanenepako, ndipo salankhulanso motsitsa mawu. Anandipatsa moni, bambo Mwale muli bwanji, ngati tinasiyana dzulo. Anati atachoka kuno anakhala zaka ziwiri osalembedwa ntchito kulikonse chifukwa cha kalata yomuchotsa ija, mpaka anayambira pansi, kukoka mawaya m'maofesi a ku Lilongwe. Anabwera kudzachotsa rauta yakale. Yatsopano aiika m'kabati yokhoma pansi pa nsanja, ndipo aziilamulira ali kutauni.

Ndinaima pakhomo iye akugwira ntchito. Pa kompyuta yake ndinaona mizere, uliwonse woyamba ndi nambala ya poti, kutsogolo kwake dzina limodzi. Anaona kuti ndikuyang'ana. Anati kukampani kwawo amalemba chomwecho, pa poti, ndipo akafuna kuona zonse za chipatala makina amamusonkhanitsira okha. Anati mdala uja pa zimenezi anali wolondola, ndipo zimamunyansa kuvomera.

Pamenepo ndinamuuza. Ndinayamba ndi benchi, magalasi, cholembera chofiira, mpaka pepala lopindidwa kanayi. Ndinamuuzanso zimene ndinayankha mayi wa magalasi uja, ngakhale anali pomwepo ndipo anazimva yekha. Iye anapitiriza kukulunga waya pa chigongono mpaka anatha.

"Munaona liti?"

"Lachitatu masana."

"Ndiye panali Lachinayi lonse."

Ndinavomera. Anaika wayayo m'katoni, n'kukhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula ngati mayi wa kumudzi. Anati kwa zaka zonsezi wakhala akudziwa kuti mayi ake anawapha ndi iyeyo, ndipo anali atazolowera kusenza zimenezo, monga munthu amazolowera mwendo wotsimphina. Anati mayi akewo mpaka kufa sanamufunsepo kanthu, ankangomupempha madzi. Kenaka anandiyang'ana.

"Mwandiuza kuti nditani nazo, bambo Mwale? Mwadikira mwini wake afe. Kalata ija muilembanso? Mayi muwadzutsa?"

Ndinati ndikupempha chikhululukiro. Anati iye si wansembe. Anati fayilo inali yake ndithu, zimenezo sadzazikana, ndipo za a Kwenda sadabwa nazo chifukwa njoka imaluma. Koma chinangwa chija anadya ndi ine. Ananyamula katoni yekha, anakana kuti ndimuthandize, anakananso tiyi amene anamwino anamukonzera. Galimoto inatembenuka pafupi ndi mjigo n'kulunjika ku Namitete.

Chipinda chija tsopano chili mbee. Pakhoma patsala mabowo anayi pamene panali shelefu, ndi chigamba cha penti yowala chofanana kukula ndi bokosi lija. Pawindo mavu ayamba kumanga. Kwa zaka zonsezi m'menemo munkachokera kaphokoso ka makina kamene ndinasiya kukamva kalekale, ndipo tsopano katatha m'pamene makutu akukafunafuna. Masana kukakhala bata ndimamva mpaka kupuma kwa odwala pakhonde. Dzulo namwino wamkulu anaima pakati pa chipindacho, anayeza ndi mapazi m'litali ndi m'lifupi. Anati n'chabwino kulangiziramo anthu amene angolandira zotsatira za magazi, chifukwa chili pobisika, ndipo wolowa aliyense azidutsa kwa ine, munthu amene pachipatala ponse amadziwa kuti sindilankhula. Ndinati chabwino. Mawa abweretsa mipando iwiri.